Olemba amene amatsika okha m'phanga

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikusunga kope limene ndimalembamo mitu ya zolemba zimene ndaziwerenga pa intaneti ndipo ndikufuna kudzazibwereza. Zambiri mwa zolembazo ndi zokhudza nkhani zopeka za m'maiko ongoyerekeza, zija za mafumu, zinjoka ndi amatsenga zimene m'Chingerezi amazitcha fantasy, komanso masewera a pa kompyuta ndi a pa tebulo amene anabadwa kuchokera ku nkhani zoterozo. Nditaliyang'ananso kopelo posachedwapa, ndinaona chinthu chimene sindinachikonze dala. Pa zolemba zambirimbiri zimene maso anga anadutsapo, zimene zinalowa m'kopemo n'zochepa ndithu, ndipo zonsezo zili ndi khalidwe limodzi: mlembi wake sanakhutire ndi zongomva. Anapita yekha kukaona chinthucho, anachiyeza, anakhala nacho nthawi yaitali, kenako n'kubwera kudzatiuza zimene anapeza.

Zolemba za mtundu wina zija, zondandalika mabuku khumi opambana kapena magemu makumi awiri amene munthu ayenera kusewera asanafe, ndaziwerenga zambiri, ndipo sindikukumbukira ngakhale chimodzi. Zimatha m'mutu munthu usanatseke n'komwe tsambalo. Choncho pano ndikufuna ndikuuzeni za zochepa zimene zinatsalira, ndi chifukwa chake zinatsalira. Pafupifupi zonse zili m'Chingerezi, ndipo zonse zimawerengedwa kwaulere.

Ndiyambe ndi nkhani ya phanga, pakuti ndi imene inandiphunzitsa kusiyanitsa zolemba za mitundu iwiriyi. Cha m'ma 1975 ndi 1976, katswiri wina wolemba mapulogalamu a kompyuta dzina lake Will Crowther, amene ankagwira ntchito pa kampani ya Bolt Beranek and Newman ndipo anali m'gulu la anthu amene anamanga ARPANET, kholo la intaneti ya masiku ano, analemba gemu yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Anailemba m'chinenero cha FORTRAN pa kompyuta yaikulu ya PDP-10. Kompyutayo inkafotokoza m'mawu malo amene wosewera waima, ndipo wosewerayo ankayankha polemba lamulo la mawu amodzi kapena awiri, monga lakuti tenga nyali kapena pita kum'mawa. Mu 1977 Don Woods, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, anaipeza gemuyo, anapempha chilolezo kwa mwini wake, n'kuikulitsa powonjezeramo zipinda, chuma ndi zilombo. Gemuyo, imene imadziwika ndi dzina lakuti Adventure kapena Colossal Cave Adventure, inafalikira kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo magemu ochuluka ofotokoza nkhani amene tili nawo lero ndi zidzukulu zake.

Izi n'zimene mungazipeze paliponse, ndipo ambiri amalekera pomwepa. Koma mu 2007 Dennis Jerz, mphunzitsi wa Chingerezi pa yunivesite ina ya ku United States, anatulutsa nkhani yaitali m'magazini ya pa intaneti ya Digital Humanities Quarterly imene inasintha zimene anthu ankadziwa za gemuyi. Iye anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anafunafuna pulogalamu yoyambirira ya Crowther, imene anthu ankaganiza kuti inatayika, mpaka inapezeka m'mafayilo akale osungidwa ku Stanford, moti kwa nthawi yoyamba zinatheka kuona chimene Crowther analemba yekha ndi chimene Woods anawonjezera. Chachiwiri, anavala chisoti chokhala ndi nyali n'kutsika m'phanga lenileni limene gemuyo inatengerako malo ake. Crowther ndi mkazi wake wa pa nthawiyo, Patricia, anali akatswiri ofufuza ndi kujambula mapu a mapanga a Mammoth Cave ku Kentucky, amene ndi aatali kuposa mapanga ena onse odziwika pa dziko lapansi, ndipo njira zake zopimidwa zimapitirira makilomita 600. Patricia anali m'kagulu kamene mu 1972 kanapeza njira yolumikiza mapanga a Flint Ridge ndi a Mammoth. Jerz anasonyeza ndi zithunzi kuti zipinda zoyambirira za mu gemuyi zikutsata ndithu gawo lina la mapangawo lotchedwa Bedquilt: pokwawira pa timiyala, potsikira, chipinda cha miyala yofiirira, ngakhale chizindikiro cha Y2, chimene mu gemu chimaoneka ngati chinsinsi cha matsenga pamene kwenikweni chinali chizindikiro cha anthu opima phanga.

Nditamaliza kuwerenga nkhaniyo ndinatsegula gemuyo usiku womwewo, popeza masiku ano imaseweredwa pa intaneti popanda kuika chilichonse pa kompyuta. Ndinatenga pepala la timabokosi ndi pensulo. Ndinalowa m'kanyumba ka njerwa, ndinatenga makiyi ndi nyali, ndinatsata kamtsinje mpaka pa chitseko cha zitsulo, n'kutsika. Pang'ono pokha mkatimo muli kambalame kamene munthu ayenera kukagwira n'kukaika m'kakhola, koma kamakana kugwidwa ngati uli ndi ndodo ina imene umaitola m'njira. Ndinakhala nthawi yaitali ndikulemba lamulo lomwelomwelo, kambalame kakundithawa, mpaka ndinaganiza zoika pansi katundu wanga mmodzimmodzi. Nditangosiya ndodoyo, kambalame kanalola. Patsogolo pake pali njoka yotseka njira, ndipo amene amaithamangitsa ndi kambalame komweko. Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali pepala langa lija. Mizere imene ndinkajambula inkakana kukumana bwinobwino, chifukwa ukatuluka m'chipinda cholowera kumpoto, si nthawi zonse pamene umabwereramo polowera kumwera. Ndikanakhala kuti sindinawerenge Jerz, ndikanati mlembi wa gemuyi anasokoneza. Koma ndinali nditadziwa kale kuti njira za m'phanga lenileni zimakhotakhota, ndipo munthu amene anakwawamo maola ambiri ndi kampasi m'manja sakanalola kuti zikhale zowongoka ngati misewu ya mumzinda. Kukhota kuja kunali kukhulupirika kwa munthu wodziwa malo ake.

Amene akufuna kutsata mbiri imeneyi kupitirira pamenepa apite kwa Jimmy Maher, amene kuyambira 2011 wakhala akulemba mbiri ya magemu a pa kompyuta motsata zaka pa tsamba lake la The Digital Antiquarian. Maher amasewera magemu amene akulemba mbiri yake, amawerenga magazini akale a nthawi imeneyo, ndipo amatsata ndalama pamodzi ndi luso. Nkhani zake za kampani ya Infocom ndizo ndimazikonda koposa. Kampaniyo inayambitsidwa mu 1979 ndi anthu ochokera ku yunivesite ya MIT ku United States, inatchuka ndi Zork ndi magemu ena a mawu okhaokha, kenako inathira chuma chake chambiri mu pulogalamu ya m'maofesi yosungira zinthu yotchedwa Cornerstone, imene inatuluka mu 1985 ndipo sinagulidwe monga ankayembekezera. Mu 1986 kampaniyo inagulidwa ndi Activision, ndipo mu 1989 ofesi yake inatsekedwa. Maher amafotokoza zonsezi mosathamanga, mwakuti umafika pomvetsa mmene anthu anzeru, okonda ntchito yawo, angagwetsere ndi manja awo chinthu chimene anachimanga bwino. Chenjezo langa ndi lakuti nkhani zake ndi zazitali ndipo imodzi imakutumiza ku inzake, choncho musayambe kuziwerenga pa tsiku limene muli ndi ntchito yofunika kumaliza.

Crowther ankaseweranso Dungeons & Dragons, ndipo apa m'pamene mabuku ndi magemu zimakumana poyera. Gemu ya pa tebuloyi, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anaitulutsa mu 1974 ngati timabuku titatu m'kabokosi, imaseweredwa ndi anthu atakhala mozungulira, wina akufotokoza dziko ndi zimene zikuchitikamo, ena akunena zimene anthu awo achite, madayisi n'kumagamula ngati zatheka. Mu 1979 Gygax anaika kumapeto kwa buku la malangizo a wotsogolera masewera mndandanda waufupi wa olemba amene anamulimbikitsa, umene umadziwika kuti Appendix N. Pa intaneti pali anthu ambiri amene anadzipereka kuwerenga mabuku a pa mndandandawo limodzi ndi limodzi n'kumalemba zimene apeza, ndipo zolemba zawo n'zopindulitsa chifukwa zimaonetsa kumene malamulo a magemu anachokera. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha matsenga. Mu gemuyi wamatsenga amaloweza mawu ake m'mawa, ndipo akangowagwiritsa ntchito kamodzi amafufutika m'mutu mwake kufikira atawalowezanso. Lamulo limeneli linachokera m'nkhani za Jack Vance za m'buku la The Dying Earth la 1950, m'mene mawu a matsenga ali ngati chinthu chamoyo cholemera, chimene ubongo wa munthu ungathe kunyamula zochepa zokha pa nthawi imodzi. Kwa Vance ichi chinali chithunzi cha dziko lokalamba limene nzeru zake zikutha. Kwa Gygax chinali njira yoletsera wamatsenga kuposa wankhondo wa lupanga pa tebulo. Ganizo limodzi linagwira ntchito ziwiri zosiyana, ndipo lero anthu ochuluka amatsata lamuloli m'magemu a pa kompyuta osadziwa kuti linayamba ngati chiganizo chokongola m'nkhani yaifupi.

Ena mwa makolo a nkhani zoterezi ndi akale kwambiri moti mabuku awo alibenso umwini, ndipo ali pa Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku aulere imene Michael Hart anaiyambitsa mu 1971 ndipo tsopano ili ndi mabuku oposa 70,000. Kumeneko mukapeza George MacDonald, William Morris ndi Lord Dunsany. Dunsany ndiye ndingamuike patsogolo, makamaka kabuku kake ka 1905 ka milungu ya ku Pegāna, chifukwa n'kakafupi ndipo kamasonyeza munthu akupeka chipembedzo chonse cha dziko losakhalako zaka zoposa makumi atatu J.R.R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, asanatulutse buku lake loyamba la nkhani zoterezi mu 1937. Chingerezi cha Morris n'cholimba dala, chotengera kalankhulidwe kakale, ndipo sindingamudzudzule munthu amene wachisiya pakati.

Tsopano ndifike pa mlembi amene wandisintha kwambiri kawerengedwe. Bret Devereaux ndi katswiri wa mbiri yakale, makamaka ya asilikali ndi chuma cha Aroma, ndipo kuyambira 2019 wakhala akulemba pa tsamba lotchedwa A Collection of Unmitigated Pedantry. Ntchito yake ndi kutenga nkhondo, mizinda ndi maufumu a m'mabuku, m'mafilimu ndi m'magemu, n'kuzifunsa mafunso amene katswiri wa mbiri amafunsa maufumu enieni. Asilikali awa akudya chiyani? Akuyenda mtunda wautali bwanji pa tsiku? Ndani analima tirigu amene ali m'ngolozo, ndipo iye watsala ndi chiyani?

Mafunsowa amaoneka ang'onoang'ono kufikira munthu utayamba kuwerengera. Msilikali woyenda pansi amafuna chakudya chouma chokwana pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku. Gulu la asilikali 20,000 ndiye kuti likufuna matani pafupifupi 20 tsiku lililonse, tisanawerenge akavalo, amene aliyense amadya kuwirikiza kangapo chakudya cha munthu, ndiponso tisanawerenge anthu ambiri otsatira gululo ophika, osula ndi onyamula katundu. Tinganene kuti chakudyacho chinyamulidwe pa ngolo, koma ziweto zokoka ngoloyo nazonso zimadya, ndipo ngati m'njira mulibe msipu wokwanira, zimadya katundu yemweyo amene zikukoka. Ulendo ukatalika, pamafika poti ngolo yadya zonse zimene inanyamula isanafike kumene ikupita. N'chifukwa chake magulu ankhondo akale ankatsata mitsinje ndi magombe kumene zombo zinkatha kuwabweretsera chakudya, ankamenya nkhondo m'nyengo imene m'minda muli zokolola, ndipo ankalanda chakudya cha alimi a m'dera limene akudutsa, kaya ndi adani kaya ndi anthu a mfumu yawo yomwe. N'chifukwa chakenso linga laling'ono lokhala ndi asilikali ochepa linkatha kuimitsa gulu lalikulu: ozinga linga ankatha kuyamba kumva njala msanga kuposa ozingidwa.

Devereaux atayesa ndi muyeso umenewu nkhondo yozinga mzinda wa Minas Tirith m'buku la Tolkien la The Lord of the Rings, mu mndandanda wa nkhani zimene analemba mu 2019, anapeza kuti zambiri zimene zili m'bukumo zikuima bwino: mitunda, masiku a ulendo, kufunika kwa kuwoloka mtsinje, ndiponso mfundo yakuti gulu lankhondo limagonja mtima ukasweka, anthu ambiri akadali moyo. Zambiri zimene anazipeza zofooka zinali zimene opanga filimu ya bukulo anasintha pofuna kuti zioneke bwino ndi maso. Izi sizodabwitsa tikakumbukira kuti Tolkien anali msilikali woona za mauthenga pa nkhondo ya ku Somme ku France mu 1916, m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo moyo wake wonse ankawerenga zolemba zakale za ku Ulaya m'zinenero zake zenizeni.

Pali anthu amene amadana ndi kawerengedwe kotere. Amati nkhani ya zinjoka ndi mphete zamatsenga siyenera kufunsidwa za matumba a tirigu, ndipo kufunsa zotere ndi kupha chisangalalo. Ndikuwamvetsa, ndipo ndikuvomereza kuti pali nkhani zina, monga za Dunsany zija, zimene zili ngati maloto kapena ndakatulo, zimene kuzifunsa za ngolo kungakhale kusamva chimene zikunena. Koma nkhani ikangojambula mapu patsamba loyamba, n'kutchula chiwerengero cha asilikali ndi masiku a ulendo, yalonjeza yokha kuti dziko lake lili ndi kulemera, ndipo wowerenga ali ndi ufulu woliyeza. Komanso chimene ndinapindula kwa Devereaux n'choposa kugwira olemba zolakwa. Iye ali ndi nkhani zina zazitali zofotokoza mmene anthu akale ankapangira buledi, chitsulo ndi zovala, ndipo ya zovalayo inanditsegula maso. Makina asanabwere, gawo lalikulu kwambiri la nthawi yopangira chovala linkathera pa kupota ulusi, ntchito imene inkagwiridwa ndi akazi pafupifupi nthawi iliyonse imene manja awo anali opanda china, akuyenda, akuyang'anira ana, akucheza. Chiwerengereni zimenezo, ndikaona mfumu ya m'nkhani itavala mkanjo wautali, kapena chombo chitatambasula matanga ake, ndimaona miyezi ya ntchito ya akazi amene nkhaniyo sinawatchule. Ndimayambanso kulemekeza olemba ochepa amene amawakumbukira anthu amenewa n'kuwapatsa dzina ndi mawu. Dziko la m'nkhani linakula, linadzaza anthu.

Devereaux amachita chimodzimodzi ndi magemu oyendetsa maufumu, monga Europa Universalis IV, pofunsa kuti malamulo a gemu akumuphunzitsa chiyani wosewera za mbiri. Gemu imene imakuika pa mpando wa boma, n'kukupatsa mphotho ukakulitsa malire, imakuzoloweretsa kuona anthu ngati manambala a msonkho ndi a asilikali, ngakhale palibe chiganizo chilichonse mu gemumo chonena zimenezo. Mfundo yakuti malamulo amalankhula mopitirira mawu ndi imodzi mwa zinthu zofunika kwambiri zimene ndaphunzira pa za magemu, ndipo imagwiranso ntchito pa lamulo la matsenga la Vance lija ndi pa njira zokhota za Crowther.

Pa za mabuku enieniwo, chida chimene ndimatsegula kawirikawiri ndi The Encyclopedia of Fantasy, chimene John Clute ndi John Grant anakonza n'kutulutsa mu 1997, ndipo tsopano chili pa intaneti chathunthu. Popeza sichinawonjezedwe kwenikweni chichokereni nthawi imeneyo, olemba atsopano simuwapezamo. Phindu lake lili pa mawu amene akonzi ake anapanga pofotokoza mmene nkhanizi zimayendera. Amodzi mwa mawuwo tingawamasulire kuti kuonda kwa dziko: nkhani zambiri za mtunduwu zimayamba dziko litayamba kale kuchepa mphamvu, matsenga akutha, mitundu yakale ikuchoka, nkhalango zikufota, anthu aiwala mayina enieni a zinthu, ndipo ulendo wa ngwazi umakhala kuyesa kuchiritsa dzikolo. Nditawerenga ndime imeneyo ndinazindikira chifukwa chake nkhani zimenezi, ngakhale zitatha ndi chipambano, zimandisiya ndi chisoni chofanana ndi cha munthu amene wabwerera kumene anakulira n'kupeza mitengo ija inadulidwa. Ndinali ndikuchimva chinthucho kwa zaka, koma ndinalibe dzina lochitchulira.

Nkhani zatsopano zili m'magazini a pa intaneti, ndipo apa sindichedwapo chifukwa njira yabwino ndi kungopita kukawerenga. Strange Horizons inayamba mu 2000 ndipo, kuwonjezera pa nkhani ndi ndakatulo, ili ndi gawo lounika mabuku limene olemba ake saopa kunena kuti buku lotchuka lalephera, n'kupereka zifukwa. Clarkesworld inayamba mu 2006 ndipo imatulutsa nkhani zambiri zomasuliridwa kuchokera ku zinenero zina, makamaka Chitchaina. Beneath Ceaseless Skies, ya 2008, imasindikiza nkhani zochitikira m'maiko opeka okhaokha, ndipo ndi imene ili pafupi kwambiri ndi mutu wathu. Omenana, imene Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anaiyambitsa ku Nigeria mu 2014, imasindikiza olemba a mu Africa ndi a kunja ochokera ku Africa, ndipo m'menemo munthu amaona kuti maiko ongoyerekeza sayenera nthawi zonse kukhala ndi malinga a ku Ulaya ndi chipale chofewa. Nkhani yaifupi imatenga mphindi makumi awiri kapena atatu, choncho ndi njira yosavuta yodziwira mlembi musanafunefune buku lake lalikulu.

Pansi pa zonsezi pali funso limene limandivutitsa, ndipo ndinasangalala kupeza kuti anthu a filosofi akhala akulimbana nalo. Mu 1975 Colin Radford analemba nkhani yofunsa mmene zimathekera kuti munthu agwidwe chisoni chenicheni ndi tsoka la munthu wa m'buku amene akudziwa bwino kuti sanakhaleko. Mnzako akakuuza za imfa ya m'bale wake, iwe n'kulira, kenako n'kuulula kuti wangopeka, chisoni chimatha pomwepo ndipo chimasanduka mkwiyo. Koma pa buku timadziwa kuyambira tsamba loyamba kuti zonse n'zopeka, komabe misozi imabwera. Radford anafika ponena kuti pamenepa timachita zinthu zosagwirizana ndi nzeru zathu zomwe, ndipo ambiri akhala akumutsutsa kuyambira nthawi imeneyo, ena ponena kuti chimene timamva si chisoni chenicheni koma chofanana nacho mkati mwa masewera ongoyerekeza, ena ponena kuti ganizo lokha, ngakhale osalikhulupirira, ndi lokwanira kugwedeza mtima. Mikangano imeneyi yafotokozedwa bwino mu Stanford Encyclopedia of Philosophy, imene yakhala pa intaneti kuyambira 1995, ndipo nkhani zake zimalembedwa ndi kuunikidwa ndi akatswiri. Si zowerenga mothamanga. Ine ndimawerenga ndime ziwiri kapena zitatu, n'kuimika, n'kubwereranso mawa lake.

Tolkien anali atayankhapo funso lofanana nalo m'njira yake, m'nkhani imene anakamba pa yunivesite ya St Andrews mu 1939 yokhudza nthano. Iye sanakhutire ndi ganizo lakuti wowerenga amangoumiriza kukayika kwake kuti kukhale chete. Anati mlembi waluso amamanga dziko lachiwiri limene maganizo a munthu amalowamo, ndipo uli mkatimo, zimene zikunenedwa zimakhala zoona malinga ndi malamulo a dzikolo. Kukayika kukangodzuka, ndiye kuti luso lalephera ndipo watulukamo. Ine ndili kumbali yake, ndipo ndikuona kuti magemu amapereka umboni wina umene Radford sanauganizire. Pamene kambalame kaja kankandithawa, sindinkakhulupirira kuti kuli mbalame kwinakwake, komabe kukhumudwa kwanga kunali kwenikweni, ndipo chimwemwe nditasiya ndodo chinalinso chenicheni, chifukwa dzikolo linali ndi lamulo, lamulolo linali lokhazikika, ndipo ndinalipeza ndekha. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake olemba onse amene ndawatchula amandikoka. Jerz, Maher, Devereaux ndi Clute, aliyense m'njira yake, amayesa ngati dziko lachiwirilo lingathe kunyamula kulemera kwa munthu woimapo ndi miyendo yonse iwiri.

Chinthu chimodzi chokha chimandidetsa nkhawa ndi zowerenga za pa intaneti, ndicho kusakhalitsa kwake. M'kope langa muli mutu wa nkhani ina yaitali yofotokoza mmene mapu a m'mabuku a nkhani zopeka amajambulidwira, ndi chifukwa chake mitsinje yake nthawi zambiri imayenda mosemphana ndi mmene madzi amayendera, kugawikana pamene iyenera kukumana. Ndinaiwerenga kawiri, ndipo nditaifunanso kachitatu ndinapeza tsamba lonse kulibe, dzina lake likugulitsidwa. Mwamwayi ndinaipeza pa Wayback Machine ya Internet Archive, bungwe limene Brewster Kahle analiyambitsa mu 1996 ndipo limasunga makope a masamba a pa intaneti monga analili pa masiku osiyanasiyana. Mawu onse analipo, koma mapu amene mlembi ankafotokoza sanasungidwe, moti ndinkawerenga za mtsinje wokhotera kumanzere ndikuyang'ana kabokosi kopanda kanthu. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani ikandikhudza ndimaisunga pa kompyuta yanga yonse ndi zithunzi zake, ndipo m'kope ndimalembamo ziganizo ziwiri kapena zitatu za mfundo yake m'mawu anga, kuti ngakhale tsamba litafa, ganizolo nditsale nalo.

Pepala la timabokosi lija ndinalimata kumapeto kwa kope lomwelo. Lili ndi zofufutafufuta zambiri, makamaka pa chigawo cha njira zosokoneza zofanana zokhazokha, pamene ndinkasiya katundu mmodzi m'chipinda chilichonse kuti ndizidziwa ngati ndabwerera pomwe ndinali: botolo apa, makiyi apo, kakhola uko. Gemuyo sindinaimalize. Ndatsala ndi chuma china chimene sindinachipeze ndiponso phompho limene sindinadziwe mowolokera, ndipo ndakana dala kufufuza yankho lake pa intaneti, ngakhale ndikudziwa kuti lilipo. Sabata ino ndikufuna kuwerenganso nkhani ya Jerz, mapu anga ali pambali, kuti ndione ngati chipinda chimene ndinachijambula kumadzulo kwa Y2 chili komweko pansi pa nthaka ya Kentucky.